Mbuzi za Pamwamba ku Mirpur

Pa siteji ya basi ku Bradford, Rafaqat, bambo woyendera njinga ya olumala, sanathe kuugwira mtima. Anatulutsa foni n'kuonetsa chithunzi cha nyumba kwa mayi wina amene ankadikira naye basi.

"Taonani, achemwali! Yangatu iyi, kwathu ku Mirpur. Yosanjikiza katatu."

"Mashallah, kukongola kwake! Mumagwira kuti, achimwene?"

"Kugwira? Ndi msana uwu? Limandidyetsa ndi boma. Ndinangoika chikole nyumba yakuno, banki n'kundikongoza."

"Imene mukugonamo ndi ana? Nanga boma likamva kuti muli ndi ina, silikudulani chithandizo?"

"Akaliuze ndani? Inu? Msuweni wanga anamanga yosanjikiza kawiri, ndiye ine ndigonje?"

"Ayi ndithu. Koma ili ndi chikepe?"

"Chikepe? Kwathu kuja, magetsi ake ati?"

"Ndiye pamwambapo mumakwera bwanji?"

"Sindinafikepo. Koma akuti ukaimapo umaona damu lonse la kwathuko."

"Akutero ndani?"

"Mlonda. Amasungirapo mbuzi zake poopa akuba."

Basi itatulukira, mayiyo anakonza mpango wake.

"Musadandaule, achimwene. Banki ikadzalanda yakunoyi, mukagwadire mbuzizo. Mwina zikakubwereketsani chipinda chapansi."