Maphunziro Anga Anabwera pa Chitenje

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni kuchokera kuno ku Petauke. Ine ndine mphunzitsi pa koleji ina yophunzitsa aphunzitsi, ndipo chaka chatha mawu anandithera. Poyamba ankangosasa pofika masana, kenaka kukhosi kunatsekeratu. Dokotala anati mawuwo adzabwerera pang'onopang'ono, koma anandiletsa kulankhula nthawi yaitali. Kontrakiti yanga inali yotha mu Disembala, ndipo ndani angalembenso ntchito mphunzitsi wonong'ona?

Nthawi imeneyo n'kuti pakati pa aphunzitsife pali mkangano. Akuluakulu ankafuna kuti tiyese kaphunzitsidwe kotembenuza: ophunzira aziyamba amvetsera phunziro pafoni ali ku hositelo, ndipo m'kalasi azibwera kudzakambirana ndi kufunsa mafunso. A Daka a masamu ankati umenewo ndi ulesi wovala tayi. A Sakala ankadandaula za mtengo wa mabandulo a intaneti. Amai Lungu, otsogolera dipatimenti yathu, ndiwo ankaikonda njirayo, ndipo anati ingandipulumutse. Koma phunzirolo ndilijambule ndi mawu ati? Nditafika kunyumba ndinagwada, n'kumuuza Mulungu mtima uli m'mwamba kuti ngati akufuna ndibwerere kukalima mtedza, angonena.

Lachisanu lina masana kunabwera Esinati, amene ndinamuphunzitsa zaka zapitazo ndipo pano akuphunzitsa ku Nyalugwe, m'boma la Nyimba. Mapazi anali mbuu ndi fumbi la panjinga yamoto.

"Bambo, ninamvela dzulo kuti mudwala," anatero Esinati. "Musakalipe. Ise tinali kukujambulani mu kilasi, foni pansi pa desiki, chifukwa munali kukamba mothamanga. Zonse zilipo."

Anamasula kamfundo pa chitenje chake n'kutulutsa kakhadi ka m'foni kosungiramo zojambula. Munali maphunziro anga a chaka chonse, ndi nthabwala zanga zakale zomwe, ndi kutsokomola komwe. Ine, munthu amene ndinkalanda mafoni m'kalasi! Ndinafuna kuseka, koma misozi ndiyo inatsogola.

Amai Lungu anawadula maphunzirowo m'zigawo zifupizifupi, ndipo ophunzira anapatsirana foni ndi foni popanda bandulo. M'kalasi ankakhala m'magulu, ine n'kumazungulira ndikumvetsera. Wina akasokoneza mfundo ndinkanong'ona, gulu lonse n'kusendera pafupi. Ndinamva maganizo a atsikana akumbuyo amene kale ndinkangowadziwa nkhope. A Daka sanasinthe mpaka lero, amati masamu amafuna choko ndi thukuta la mphunzitsi. Mwina pa phunziro lawo akunena zoona, ndipo tiyi timamwabe limodzi.

Chaka chili pafupi kutha, mkulu wa koleji analowa m'kalasi mwanga osandiuza, nakhala kumbuyo mpaka belu litalira. Ndinada nkhawa, poti sindinaime kutsogolo n'kamodzi komwe. Tili pakhonde anandigwira dzanja.

"Lelo simunakambe zambili, koma aphunzila," anatero. "Januwale mubwele."

Mawu abwerera ndithu, ngakhale kwaya ya kutchalitchi sinandiitanebe. Ndikuthokoza Mulungu, ndikuthokozanso Esinati ndi amai Lungu. Inu amene mwagwada mpaka mawondo kuwawa koma yankho osalimva, musaleke kupemphera. Langa linajambulidwa pansi pa desiki ndisanadwale n'komwe.