Uvuni wa Mayi Pennock

Pamzere wa tiyi, pamsika wa zitsulo za njinga zamoto zakale ku Stafford, bambo Pennock anali atafukata kilankishafiti, chitsulo cha m'kati mwa injini ya njinga yawo, m'thaulo ngati khanda. Mayi wina kumbuyo kwawo anasuzumira.

"Khandali lanenepa bwino, bambo. Timikono take iti, makonirodiwa, mwamanga nokha?"

"Ndekha, mayi. Pini yolumikizira ndinaigoneka mufiriji kuti ichepeko, zitsulo zinazi ndinaziwotcha mu uvuni. Zinalowana bwinobwino."

"Uvuni wa ndani?"

"Wa akazi anga. Anandiletsa, koma sakudziwa. Akangodziwa, njingayo ikagulitsidwa."

"Malemu amuna anganso ankati sindikudziwa, chikhalirecho makeke anga akununkha oyilo."

"Simunawakalipire?"

"Ndinkadikira injini ilire kaye. Nanga akazi anu anaphika chiyani dzulo?"

Bambo Pennock anayang'ana thaulo lija.

"Keke. Anati ndidye yonse ndekha."