Nyamalikiti ya pa Chikalata cha Ukwati

Bambo Harjivan a kuno ku Rajkot, m'dziko la India, amene anabwerako ku Tanganyika ndi mabokosi awiri, mkazi mmodzi ndi misala ya masitampu, anatha zaka makumi awiri akusaka sitampu ya mutu wa nyamalikiti yoti itseke mpata womaliza m'buku lawo. Lachitatu lina masana anaipeza m'nyumba mwawo momwe, itamatidwa pa chikalata cha ukwati wawo, ndipo mmene akazi awo, Mayi Jadav, ankalowa m'khitchini, n'kuti akuluwo ataimatula kale ndi nthunzi ya ketulo.

"Bambo a Jayanti, apa panali chinyama," anatero mayiwo, chala chili pa banga loyera la pachikalata.

"Chasamuka. Chili m'buku, pamzere wa anzake. Mawa kuchionetsero cha masitampu anthu akachita kugwira pakamwa."

"Bwezeranipo."

"Aa, iai! Nyama yavutika zaka zoposa makumi anayi m'bokosi la mphemvu, ndiibwezerenso? Thirani tiyi, inu."

Mayi Jadav sanathire tiyi. Anakoka nsalu ya kumutu n'kuphimba nkhope mpaka m'chibwano.

"Mwatani? Dzino lija?"

"Sindionetsa nkhope kwa amuna achilendo."

"Achilendo ake ati? Muno tilimo awiri!"

"Eya, ndiye zochititsa manyazi zakezo. Kalaliki uja wa ku Tabora, ku Tanganyika, ananena ine ndikumva kuti pepala lopanda sitampu ndi pepala chabe. Ananyambita, anamata, anamenya ndi chibakera, kenako anati, 'Basi, mwakwatirana.' Asanamenye chibakera sananene."

"Mayi a Jayanti, ija inali sitampu ya msonkho! Boma linkangofuna kake. Ife tinakwatirana pozungulira moto, kanayi konse, wansembe ali pompo. Munandipondanso chala!"

"Moto uja unazima tsiku lomwelo. Wansembe anamwalira."

"Ndiye Tanganyika wanuyo aliponso? Azungu ananyamuka, dziko linasintha dzina, kalalikiyo kaya ali kuti!"

"Mukuona nokha. Mboni inatsala imodzi yokha, inu n'kuiphika."

Bambo Harjivan anakumbatira buku lawo. Liuma la akulu amenewa timalidziwa tonse: anakanganapo ndi wapositi chaka chathunthu chifukwa chodinda sitampu mopendekeka.

"Sindibweza," anatero. "Nenani zina."

Mayiwo anakhala pansi pang'onopang'ono, manja kumutu. "Mayo ine, ana anga asanu! Onse apathengo. Jayanti ndi dazi lake lija, ndi zidzukulu zake, wapathengo!"

"Musakuwe, aneba amva!"

"Amve. Adziwe kuti ndakhala ndikuchapira munthu wodutsa ndi njira."

Anadzuka, napakula mphodza m'mbale imodzi, naika chapati ziwiri pambali, n'kuyamba kudya nsalu ili kumaso, chakudya chikulowera cham'munsi.

"Zanga?"

"Namwali saphikira mwamuna amene sanamufunsire."

"Namwali wa mano atatu!"

"Anayi, achimwene. Koma si nkhani yanu."

Liwu lakuti achimwene linawalasa. Komabe anayesa nzeru zina. "Chabwino. Ndimatapo ina, ya kuno, ya njovu. Yaikulu, yokongola, sinanyambitidwepo."

"Ine ndinakwatiwa pa nyamalikiti. Za njovu mukafunse amene anakwatiwa pa njovu."

"Ndibwerekeni tsiku limodzi basi! Mawa chionetsero chikangotha ndibweza."

"Ukwati sabwereka ngati sefa." Mayi Jadav anakoka bokosi lachitsulo n'kuyamba kuponyamo nsalu. "Ndikubwerera kwa atate anga."

"Atate anu anamwalira ku Tabora kalekale! Nyumba ija pano akuti ndi chigayo."

"Ndikakhala pachigayo pomwepo. Kumabwera amuna ambiri kuchigayo."

Analowetsa m'bokosi chipeso, mtondo wa tsabola, ndi mafuta aja amene ankawapaka nawo akuluwo m'mawondo m'mawa uliwonse. Apa mpamene Bambo Harjivan anachita mantha enieni. Mayi ameneyu sanaopsezepo munthu pachabe chibadwire. Akati ndikupita, amapitadi. Ndipo iwo, ngakhale sananenepo poyera, ankamukonda kuposa masitampu onse a ku Tanganyika, kupatulapo mwina imodzi.

Anatsegula buku. Anaitola nyamalikiti ija ndi kopanira, naiyang'ana ngati mwana amene akupita kutali.

"Basi, mwapambana. Bweretsani guluu."

"Wa chiyani?"

"Ndiimate pomwe inali! Tikwatiranenso, ndidye."

Mayi Jadav anasuzumira pansi pa nsalu. "Kakuda ako pakhosi pa nyamayo n'chiyani?"

"Chidindo cha kalaliki."

"Ndiye yatha ntchito. Si inu nomwe mumandilalikira tsiku ndi tsiku kuti sitampu yodindidwa sigwira ntchito kawiri? Kuti womatanso yakale ndi wakuba?"

"Izo n'za makalata!"

"Munati sitampu iliyonse. Pakufunika nyamalikiti yatsopano, yosadindidwa."

"Yosadindidwa? Ha!" Lilime la katswiri linathamanga mutu usanaganize. "Mukuyesa n'zotola pamsika? Mu Rajkot monse muno ilimo imodzi yokha, kwa Vallabhdas, kambuzi kaja kamene kamandiposa kuchionetsero chaka ndi chaka. Ndipo sangaigulitse ngakhale mutamugwadira."

"A Vallabhdas aja akazi awo anamwalira chilimwe chatha?"

"Omwewo. Bwanji?"

Mayi Jadav anachotsa nsalu kumaso, nadziyang'ana pamimba pa ketulo, n'kukonza imvi za pamphumi.

"Ndiye achimwene, poti mukakumana nawo mawa, mukawauze kuti kuno kuli mbeta yodziwa kuphika."