Amene Anakonza Buku la Anamwino

Basi inachedwa, mwana kumsana akulemera, ndiye ndinangoima n'kumamva za eni. Mayi wina anali kusuzumira mapepala amene bambo wa pambali pake ananyamula.

"Pepani bambo, limenelo si buku la anamwino lija, laulere la pa intaneti?"

"Lomwelo, mayi, ndipo likufuna kundichotsetsa ntchito. Ine ndine wa ku laibulale ya yunivesite. Ife timangolisunga, okonza zolakwika ndi osindikiza mabuku. Sabata yatha wina wasintha mlingo wa mankhwala a mtima. Ife tikuti ndi iwo, iwo akuti ndi ife."

"Nanga kompyuta siitchula wosinthayo?"

"Ikutchula mlembi mwini wake. Koma iwowo tinawaika m'manda chaka chatha. Abwana akuti ndibwezeretse mlingo wakale lero, apo ayi ndinyamuke."

"Musabwezeretse."

"Mayi, ndili ndi ana."

"Inenso ndili nawo, mlembiyo ndiye bambo awo. Namwino amene anawabaya jakisoni womaliza anatsata mlingo wakalewo wa m'buku lomwelo, sanaphonye pena paliponse."

"Ndiye mukuti..."

"Amuna anga sankagona akasiya cholakwika pa tsamba. Mukabwezeretsa abweranso, ndipo ulendo uno kompyutayo iwauza dzina lanu."