Afisi Amene Ankaseka Boma

Zaka zimene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ine ndi achimwene anga a Saidi tinali ndi butchala pa Nkhotakota pano. Shehe akachinja ng'ombe, ndiko kuizinga mwa Chisilamu, ife tinkasenda, ndipo mafupa, ziboda ndi zina zosagulika tinkangoponya kuseri, koma pofika m'mawa pamalopo pali mbee, patangotsala ndowe zoyera ngati laimu. Osesawo anali afisi amawanga ochokera kuthengo la ku Bua, omwe inu a lero mumangowaona m'mabuku. Mtsogoleri wawo anali wamkazi, wamkulu thupi kuposa amuna, ndipo ankayamba kudya ndi iyeyo, amuna ali chapatali kulira ngati akuseka. Musanamizidwe ana inu, fisi saseka pokondwa, amaseka akamaopa wamkulu.

Tsono kunamveka kuti kubwera nduna, idzagona pabomapa. Tcheyamani wa chipani, a Nkhoma, anatipeza tikunola mipeni.

"Afisi anuwa akaseka bwana ali pano," anatero, "anthu adzati akuseka yani?"

Ine, pakamwa panga pothamanga, ndinati, "Kapena tiwadulitse makhadi, bwana."

Achimwene anandiponda phazi mpaka chikhadabo chinasweka. "Pepani bwana, mng'ono wangayu malungo amufika kumutu." Wakutsina khutu ndi mnansi, wanga anasankha chala. A Nkhoma anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, ndipo sabata yonse ndinkagona nditavala nsapato, kudikira galimoto yodzanditenga, pakuti masiku amenewo nthabwala inkatha kumusowetsa munthu, osati lero mumatukwana boma pa wailesi n'kukagona kwanu.

A Nkhoma anatilamula kuthira mankhwala a kudipi m'matumbo a ng'ombe n'kuwasiyira afisiwo, ndipo ndinathira ndine, kuti aone kuti malungo atha. Fisi wamkazi uja tinamupeza atauma pafupi ndi chitsime, mawere ali odzadza, kusonyeza kuti kuuna anasiya ana. Miimba imene inatera pa mitembo ya afisiwo nayonso inagwa.

Boma linakhaladi chete, koma linayamba kununkha. Mafupa anaunjikana, ntchentche zinafika mpaka kumzikiti, ndipo ng'ombe ina itafa yokha m'mbali mwa msewu, nyama yoti Msilamu sangaikhudze, inatupa pomwepo masiku anayi. Tinaikumbira dzenje ndife, mafupa tikusenza m'masaka, ntchito imene eni ake ankaigwira osatumidwa. Ndunayo inangodutsa masana, magalasi a galimoto ali otseka, sinagone n'komwe.

Madzulo ake a Nkhoma anabwera atagwira mpango pamphuno, n'kundifunsa monong'ona, "Kodi sanatsaleko ndi mmodzi yemwe?"

Ndinangowerama n'kumanga saka la mafupa. Fisi akagwa m'mbuna salankhula, ndipo m'mbunamo tinali tonse awiri.

Choncho adzukulu anga, mukaona chinthu chonyansa maonekedwe chikukhala pafupi nanu, musathamangire chiphe. Yambani mwafunsa ntchito imene chimagwira, ndipo mufunsenso ngati msana wanu ungaithe.