Mayi Rute Kamtedza, Tcheyamani wa Kalabu ya Tadzuka

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1957 kuno ku Nkhunga, achiwiri m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Dzina lawo la ubatizo ndi Rute, koma ambirife timawadziwa kuti mayi Kamtedza. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Lenard, mwana wa alongo awo. Kwa ine anali azakhali.

Anayamba sukulu mu 1965 ndipo analekezera Sitandade 7 bambo awo atamwalira. Mu 1974 anaphunzira kusoka kwa telala wina wa pa boma, ndipo ntchito imeneyi ndiyo inawadyetsa moyo wawo wonse. Pa 12 Ogasiti 1978 anamanga ukwati woyera ndi bambo Lazaro Kamtedza, msodzi wa ku Ngala, nakakhala komweko. Mulungu anawapatsa ana anayi. Bambo Kamtedza anatisiya mu 2011.

Mu 1990 mwana wawo wachitatu, Cathy, ali ndi zaka zisanu, anadwala malungo okhudza ubongo ndipo anakomoka masiku atatu. Anachira, koma kuyambira pamenepo anayamba kugwa khunyu. Atayamba sukulu, aphunzitsi anamubweza poopa kuti apatsira anzake. M'mawa mwake azakhali anasenza makina awo osokera, nakawaika pakhonde la kalasi, nati kwa aphunzitsi, "Mwanayu aphunzire. Akagwa, womutola ndine." Anasokera pakhonde pamenepo matemu awiri athunthu.

Mu Okutobala 1998 Cathy akutsuka mbale kunyanja anagwa chafufumimba m'madzi olekeza m'mawondo. Amayi oposa khumi analipo, koma palibe amene anamugwira, chifukwa ankaopa thovu lakukamwa. Amene anamuvuula ndi mayi Rahila Sadick a ku Bua, amene anangobwera kudzagula usipa ndipo mwanayo sankamudziwa n'komwe. Azakhali atapita kukathokoza, mayi Rahila anawauza kuti mchimwene wawo, amenenso ankagwa khunyu, anafera pamoto anthu akuonerera. Kuchokera tsiku limenelo amayi awiriwa, wina Mkhristu wina Msilamu, anakhala ngati obadwa bere limodzi.

Mu 2003 awiriwa anayambitsa Kalabu ya Tadzuka ndi anthu asanu ndi anayi: asodzi, alimi a mpunga, mphunzitsi mmodzi ndi Shehe Amiri a pamzikiti wa kwathu kuno. Malemu anasankhidwa kukhala tcheyamani. Ankayenda m'madoko, m'matchalitchi ndi m'mizikiti kuphunzitsa kuti thovu silipatsira matenda, kuti munthu akagwa agonekedwe chammbali, ndiponso asaikidwe supuni m'kamwa. Ankanyamula odwala panjinga kukatenga mankhwala. Anamanga chisakasa cha odikirira odwala pachipatala chathu chaching'ono. Asodzi muli pano mukukumbukira mmene ankakulondolerani padoko mukasandutsa masikito kukhala ukonde wa usipa. Banja lililonse lokhala ndi mwana wa khunyu analipatsa kope, kuti lizilemba tsiku limene mwana wagwa ndi nthawi imene watenga kuti atsitsimuke.

Makope amenewo ndiwo anakopa madokotala ofufuza za ubongo ochokera ku sukulu ya zaudokotala. Mu Epulo 2018 anabwera ndi makina oyezera ubongo, omata timawaya m'mutu. Koma m'midzi munali mutamveka kale mphekesera yoti alendowo ndi opopa magazi. Tsiku loyamba makolo anabisa ana, ndipo pachipatala panasonkhana khamu, ena atatola miyala. Madokotala anayamba kulongedza katundu wawo kuti abwerere.

Azakhali anawaletsa. Analamula kuti mpando ndi makina zitulutsidwe panja. Kenaka mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi, wa Chigwirizano cha amayi kutchalitchi, anavula duku pamaso pa abambo, nakhala pampandowo. Anati, "Ngati akupopa magazi, ayambe ndi anga. Inu imani pomwepo muonerere." Anawamata timawaya mutu wonse. Anakhala pampandowo theka la ola. Atawachotsa timawayato, anadzuka okha, navala duku lawo bwinobwino, nafunsa mokweza, "Adokotala, nanga nzeru mwazipezamo, kapena mwangopeza ulusi?" Khamu lonse linaseka. Mayi Rahila anakhala pampandowo achiwiri, Shehe Amiri achitatu. Pofika Lachisanu ana makumi asanu ndi limodzi mphambu atatu anali atayezedwa, ndipo angapo anasinthiridwa mankhwala. Madokotala aja akhala akubwera chaka ndi chaka, ndipo amene amawalandira ndi kuwaperekeza m'midzi ndi a kalabu.

Mu Malichi 2024 malemu anadwala sitiroko, yomwe inapha dzanja ndi mwendo wakumanja. Kulankhula kunkavuta, koma misonkhano ya kalabu inasamukira pakhonde pawo, ndipo akafuna kukana mfundo ankamenya ndodo pansi. Anapempha okha kuti madokotala awalembe m'kafukufuku wa odwala sitiroko. Pa 8 Juni chaka chino matenda anabwereranso ndipo anagonekedwa kuchipatala chachikulu pa boma. Lachitatu pa 11 Juni 2025, nthawi ya 9 koloko m'mawa, anatsirizika ali ndi zaka 68.

Asiya ana anayi, amuna awiri ndi akazi awiri, zidzukulu khumi ndi chimodzi ndi alongo awo awiri. A Cathy ndi awo akhala pafupi ndi bokosiwo. Anamaliza Fomu 4, ali pabanja, ali ndi ana atatu, ndipo ndiwo mlembi wa kalabu.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino ndi madokotala amene anawasamalira, mafumu, a mpingo, amayi a Chigwirizano amene agona pano masiku awiri, abale athu Asilamu amene afika m'mamawa nthawi ya mapemphero awo a Ijumaa isanakwane, ndi mayi Rahila amene sanachoke pambali pa bedi.

Pomaliza, adzukulu, tili ndi pempho kwa inu. Pali abambo asanu ndi mmodzi amene aimirira kumbuyoko. Onsewo anakula akugwa khunyu, ndipo ali ana anthu ankakana kudya nawo mbale imodzi. Lero wina ndi kalipentala, wina mphunzitsi, ena ndi alimi a mabanja awo. Apempha kuti kuchokera pano mpaka pamsewu bokosili alinyamule ndi iwo. Banja lavomera. Chonde apatseni njira.

Azakhali, ntchito mwaigwira ndipo mwaimaliza. Mzimu wanu uuse mumtendere.