Ndinamubwereka Luwiza Chiphaso Changa

Abusa, amayi busa, akulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, landirani moni m'dzina la Ambuye. Ndikuona kumbuyoko ena ayamba kale kukodolana kuti Marita waima, lero tituluka mochedwa. Sekani, palibe kanthu. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma si wokoma ayi, ndipo mwa anthu oipa a m'nkhaniyi, mmodzi ndine.

Inu mukundidziwa. Ndimagulitsa tomato ndi usipa pamsika wa Chiponde, ndipo pa nkhani ya pakamwa palibe amandiposa. Wakabaza akangondigundira dengu, msika wonse umamva. Amayi anga anabwera kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, nakwatiwa ndi bambo anga a kuno. Bambo atamwalira, amayi anabwerera ku Mandimba, n'kukakwatiwanso. Kumeneko ndi kumene kunabadwira mng'ono wanga Luwiza. Mimba imodzi, nkhope imodzi, koma ine ndili ndi chiphaso cha unzika cha kuno, iye alibe.

Ife a m'malire timabwerekana chilichonse. Beseni, chitenje cha pa ukwati, njinga. Kupita ku Mandimba timakuona ngati kupita kudimba. Ndiye Luwiza atathetsa banja n'kubwera kwa ine kudzafuna ntchito, tinamva kuti esiteti ina ya fodya cha ku Namwera ikulemba anthu. Tinakumana ndi kapitawo wake pamsika pompo. Iye anati masiku ano salemba munthu wopanda chiphaso. Kenako anatiyang'ana tonse awiri, n'kuseka.

"Inu mukuvutikiranji? Mesa mukufanana ngati mapasa. Mubwerekeni chanucho, chithunzi chake ndi chakudanso. Akangolembetsa dzina, chibwerera."

Abale, ndinamuthokoza munthu uja. Ndinamuninkhanso mulu wa tomato waulere. Luwiza ananyamuka ndi chiphaso changa, ndipo kuyambira tsiku limenelo ku esiteti kuja dzina lake linali Marita.

Chiphaso sichinabwerere. Unatha mwezi, iwiri, itatu. Foni ya Luwiza inasiya kupezeka. Kodi mukuganiza kuti ndinadandaula? Ndinkati ali pantchito, watanganidwa. Chimene chinandinyamula si chikondi ayi, ndinene zoona pamaso pa Mulungu. Inafika nthawi yogula feteleza wotsika mtengo, ndipo popanda chiphaso sugula. Ndinakwera njinga yamoto kupita kukatenga chiphaso changa, mng'ono wanga ndimati ndikamuonera pomwepo.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya abwana a esitetiyo akuchapa nsanza za chimbudzi cha munthu wamkulu. Amayi ake a abwana anali atagwidwa ndi sitiroko, sadzuka, chilichonse amapangira pomwepo. Anamutenga Luwiza kuti aziwasamala. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi sipuni, kugona pansi pambali pa bedi lawo. Koma ntchito ya kumunda sanamuchotsere. M'mawa nkhalamba ikagona, iye amathamangira kunazale kukathirira fodya ndi kupopera mankhwala, manja ali pamtunda, kumaso kulibe chotchinga.

Luwiza anatembenuka. Diso lakumanja linali litatupa, lofiira psu, likutuluka mafinya.

"Iwe, chachitika n'chiyani?"

"Paipi ya chopopera inaphulika, achemwali. Mankhwala anandilowa."

"Kuchipatala anati chiyani?"

"Sindinapite. Adona akuti agogo atsala ndi ndani? Anandipatsa mkaka kuti ndimwe, wina ndisukusule. Akuti mkaka umapha poizoni."

Anandigwira chitenje, akulankhula motsitsa. "Achemwali, nditengeni. Panjinga mwabwerapoyo tikwanapo. Diso likundiotcha ngati muli khala la moto. Nditengeni."

Pamenepo mkamwa mwanga muja munatseguka. Ndinayamba kukalipa mpaka agalu kuuwa. Adona, akazi awo a abwana, anatuluka osathamanga, atanyamula kathumba ka pulasitiki. Munali ziphaso zambiri zomangidwa ndi mphira. Anasankha changa, n'kuchikweza m'mwamba.

"Mayi, musatisokosere. Pa awirinu, Marita ndi uti? Ngati ndi uyu, ndi wantchito wathu, inu mulibe naye gawo. Ngati ndinu, ndiye kuti mwazembetsa munthu wakunja ndi chiphaso chanu. Ndiimbe foni apolisi adzatithandize kusankha?"

Kapitawo uja anali ataima poteropo akutokosa m'mano. Ndi pamene ndinazindikira kuti sanatichitire chifundo tsiku lija. Amafuna dala anthu a ziphaso zobwereka, chifukwa munthu wotere ukamupweteka sakadandaula kulikonse.

Abale, ndinaganiza za ndende. Ndinaganiza za ana anga anayi ndi benchi langa la pamsika. Ndinachotsa dzanja la mng'ono wanga pachitenje changa, chala chimodzichimodzi. Ndinamuuza kuti pirira, ndibweranso. Ndinakwera njinga ija ndekha. Sanalire mokweza, anangobwerera ku beseni lake.

Ine Marita, wolongolola uja, ndinakhala chete miyezi itatu. Ndinkabwera muno Lamulungu lililonse, kuimba kwaya, kuvina kumene. Amayi ku Mandimba akafunsa, ndinkati Luwiza ali bwino, wanenepa. Ndipo chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri ndi ichi: masiku amenewo ndinkadandaula kwa anzanga za feteleza amene ndinaphonya. Za diso sindinauze munthu.

Mukukumbukira tsiku lija abusa analola mayi wina wa bungwe loona za ufulu wa anthu ogwira ntchito kuti alankhule ku msonkhano wa amayi? Enanu munkawodzera, amayi a Gift ndinakuonani. Mayi uja anati munthu wolima m'munda wa wina kapena wosamala wodwala wa wina ndi wantchito, kaya wachokera ku Zomba kaya ku Mozambiki, ndipo thupi lake si la bwana. Anati akusonkhanitsa nkhani zoti akatule ku msonkhano wa akuluakulu ku boma, kukapempha kuti aletse mabwana kusunga ziphaso za antchito. Koma anati vuto ndi lakuti aliyense amanong'ona, woti aime n'kunena palibe.

Ndinamutsatira mpaka pamsewu. Nditamufotokozera, sanandinyengerere.

"Amayi, sindikunamizani. Kubwereketsa chiphaso ndi mlandu, ndipo akakufunsani. Ife tikakhala nanu limodzi, koma sindingalonjeze kuti mukatuluka osakandika. Funso langa ndi limodzi. Diso lija mukuti munaliona liti?"

Nditati Novembala, anangotseka maso ake.

Ndinasala kudya masiku awiri. Ndinkapempha Mulungu kuti andionetse njira ina yoti Luwiza atuluke ine osatchulidwa. Sanandionetse. Mawu amene ankangobwera ndi aja anafunsidwa Kaini, akuti ali kuti m'bale wako.

Tinapita ku Mangochi boma. Holo yodzaza, mafumu, a zaulimi, a zantchito, eni minda atavala majekete. Ndinaima n'kunena kuti dzina langa ndi Marita, koma pali Marita wina amene ndinamupanga ndekha, ndipo ndinamusiya akuola diso. Ndinanena zonse, za tomato waulere yemwe, za feteleza yemwe. Bambo wina mwini munda anadzuka n'kunena kuti anthu amenewa amabwera okha, palibe amawaitana, akatopa abwerere kwawo. Apo pakamwa panga panabwerera. Ndinati bambo, amabwera okha inde, nanga bwanji pochoka sachoka okha? Ziphaso zawo mumazimangiranji ndi mphira?

Patapita masiku atatu tinapita ku esiteti kuja ndi mayi uja, wa ofesi ya zantchito ndi wapolisi mmodzi. Kathumba kaja kanatuluka. Tsiku limenelo anatuluka anthu ena asanu, onse a mayina obwereka. Adona sanafunse n'komwe za diso. Anangoti, "Nanga agogowa awatembenuza ndani?" Ndipo mukudziwa chimene Luwiza anachita? Anabwerera m'nyumba, anakaitembenuza nkhalamba ija komaliza, n'kuifunditsa bwinobwino. Akuti iyo sinamulakwire.

Kuchipatala adokotala anayang'ana diso lija nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti zinachitika liti. Atamva, anati, "Mukanabwera naye nthawi imeneyo tikanayesa. Panopa lafa." Ine ndinali pomwepo. Luwiza anangondiyang'ana ndi diso lotsalalo. Bola akananditukwana.

Ine apolisi anandifunsa tsiku lathunthu, ndipo nkhani yanga sinathe mpaka lero. Lamulo tinakapempha lija silinatuluke, akuti akukambiranabe. Abwana aja fodya wawo akukolola monga kale. Sindikuuzani kuti zonse zili bwino, ndinanama kokwanira. Koma tsopano Loweruka lililonse ndimayenda ndi mayi uja m'midzi ya m'malire muno, kuuza anthu kuti asapereke chiphaso kwa kapitawo, ndiponso kuti mkaka si mankhwala a diso. Pakamwa paja Mulungu wapapezera ntchito.

Amati chibale ndi fupa, sichiola. Changa ndinachisiya padzuwa miyezi itatu, ndipo Mulungu yekha ndiye anachisunga. Ndikumuthokoza chifukwa mng'ono wanga ali moyo. Ndikumuthokoza chifukwa sanandisiye ndife ndi bodza langa. Amayi ku Mandimba ndinakawagwadira, ndinawauza zoona.

Chatsala ndi chimodzi, ndipo ndikupempha mundithandize. Kunyumba munthu akaitana kuti Marita, mng'ono wanga amadzidzimuka, n'kuimirira msangamsanga manja ali kumbuyo. Mbama zonse, matemberero onse, anazilandira m'dzina langa. Lake sanalimve kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi.

Ali muno lero. Uyo wakhala kumapeto kwa benchi lachitatu, wavala magalasi akuda. Sanandiuzebe kuti wandikhululukira, ndipo sindikumukakamiza. Koma wabwera yekha. Ndiye kondwerani nane, abale, imirirani, amayi lululutani ndithu. Koma tisanayambe nyimbo, tembenukirani kwa iye, mumupatse moni ndi dzina limene amayi anamupatsa. Dzina lake ndi Luwiza.